Mankhwala ogonetsa pa opaleshoni amachita chiyani muubongo?

M'bale wathu akalowa ku opaleshoni ku Holy Family kapena ku Queens ku Blantyre, timati "am'goneka". Koma si tulo ayi. Wogona ukam'tsina amadzuka, pomwe uyu amang'ambidwa pamimba osamva kanthu.

Ubongo uli ndi maselo ambirimbiri otumizirana mauthenga. Selo likafuna kulankhula ndi linzake limatulutsa timadzi tapadera, ndipo linzakelo limatilandirira pa timakomo totchedwa ma receptor. Khomo lililonse lili ndi kiyi wakewake. Timadzi totchedwa glutamate timadzutsa maselo, pomwe totchedwa GABA timawakhazika chete. Mankhwala ogonetsa amagwira ntchito pa timakomo timeneti.

Propofol, woyera ngati mkaka, amabayidwa mumtsempha. Amathandiza GABA kuti khomo lake likhale lotseguka nthawi yaitali, maselo n'kungoti zii. Pasanathe mphindi imodzi munthu sadziwanso kanthu. Vuto lake ndi loti amafooketsanso kupuma ndi kutsitsa BP, choncho amafuna okosijeni ndi zipangizo zili pafupi.

Ketamine, amene anapangidwa ku America mu 1962, amachita zosiyana. Amakalowa m'khomo la glutamate lotchedwa NMDA n'kulitseka, monga timatsekera chigubu ndi chitsononkho. Uthenga wa ululu sufika bwino, ndipo zigawo za ubongo zimaleka kumvana. Komabe nthawi zambiri wodwala amapuma yekha ndipo BP sitsika. N'chifukwa chake zipatala za m'maboma zimawadalira kwambiri, makamaka kwa mayi amene wataya magazi ambiri pobereka. Jakisoni wa pamsana uja ndi nkhani ina: amangochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, mayi ali maso.

Zovuta za ketamine zimaoneka potsitsimuka. Popeza zigawo za ubongo sizibwerera pamodzi, wodwala amatha kuona zinthu zoti palibe, kukuwa, kulira, kapena kutchula maina a anthu mosagwirizana. Apa mpomwe achibale amayamba kunong'onezana za majini kapena kulodzedwa, ena n'kumasunga mawuwo ngati chinsinsi chaululika. Kumeneko n'kum'lakwira wodwala. Ndi mankhwala chabe amene akutuluka m'thupi, ndipo zimatha zokha. Maulama amagwirizana kuti munthu amene nzeru zam'chokera motere sawerengeredwa zimene wanena, komanso kuti mankhwalawa ndi ololedwa pofuna kuchiza. Khalani naye modekha, chepetsani phokoso, ndipo inu achinyamata, foni ikhale m'thumba.

Achipatala akati wodwala asadye opaleshoni isanachitike, musam'patse phala mobisa chifukwa cha chisoni. Munthu wogonekedwa satha kudziteteza bwino akasanza, ndipo masanziwo akalowa m'mapapo angathe kumupha. Ngati wadya kale, auzeni zoona, ndi nthawi yeniyeni imene anadya.