Liu Lacingerezi Lakuti "Herd"

Sabata yatha mfumu ina inandiimika pa dibi, pepala la za ziweto liri m'manja, nindifunsa kuti, "Kodi 'herd' walembedwa apayu ndi mtundu wanji wa ng'ombe?" Iai, si mtundu wa ng'ombe. Lero tikambe za liu limeneli, popeza mudzakomana nalo kawirikawiri.

"Herd" ndiwo msambi, ndiko kuti ng'ombe zodyera pamodzi ndi kumwera pamodzi. Angerezi sachula magulu onse ndi liu limodzi. Gulu la nkhosa kapena la mbalame amati "flock". Ng'ombe zimene ziri pa ulendo wa ku msika amati "drove", ndipo kale, sitima za pamtunda zisanabwere, anthu ankayenda nazo pansi kucokera ku Scotland ndi Wales mpaka ku msika wa Smithfield ku London.

Liuli ndi lakalekale. Zaka zoposa 1,000 zapitazo makolo a Angerezi ankalilemba "heord", ndipo Ajeremani mpaka lero amati "Herde". Pambali pace panali liu lina lofanana nalo, "hierde", lonena munthu woyang'anira ziwetozo. M'kupita kwa nthawi mau awiriwa anafika pomveka cimodzimodzi, kotero kuti msambi ndi mbusa wace anakhala ndi dzina limodzi. Ife izi sizingatidabwitse, pakuti nafenso tiri ndi busa ndi mbusa. Ndiye mukamva "shepherd", dziwani kuti ndi mau awiri olumikiza, "sheep", nkhosa, ndi "herd", mbusa. Azungu ena ali ndi mfunda wa Shepherd, ndipo ukumbutsa nchito ya makolo ao.

M'caka ca 1822 Bambo George Coates wa ku England anasindikiza buku la ng'ombe za mtundu wa Shorthorn, losonyeza makolo a ng'ombe iriyonse yolembedwamo. Buku lotere amati "herd book". Ife mbiri yotere timaisunga m'mutu, ndipo mkulu wa khola akamwalira imapita naye.

Tsono mverani bwino apa. Pakati pa 1910 ndi 1920, madokotala a ziweto ku America analimbana ndi nthenda yotayitsa ng'ombe bere. Anaona kuti mlimi akagulitsa ng'ombe zimene zadwala ndi kucira, nagula zatsopano, nthendayo imayambanso ngati moto umene wauponyera udzu wouma. Koma m'msambi mmene ng'ombe zambiri sizingagwidwenso, nthenda imasowa podzera. Ici anacicha "herd immunity", citetezo ca msambi wonse. Mau omwewa ndiwo ankamveka pa wailesi m'caka ca 2020, nthawi ya Covid-19, koma ponena za anthu. Masiku ano citetezo cotere timacifuna ndi katemera, ndipo sicilimba ngati ng'ombe zambiri zatsala ku mudzi tsiku lobaya.

Nthenda siifunsa mwini ng'ombe ndani. Cifukwa cace mlangizi akakufunsani kukula kwa "herd" yanu pa nkhani ya matenda, musawerenge zanu zokha. Chulani ndi ziwiri za mlamu wanu zija zogona m'khola mwanu, ndi za mudzi wa tsidya zimene zimakomana ndi zanu pa dambo masana. Inu mafumu, ndinu amene mudziwa kuti ana a mabanja ati amabusa pamodzi, ndipo mlangizi akadza adzayamba wafunsa inu.