Galimoto ikakalika: ku Japan, ku Germany ndi kwathu kuno

Galimoto zambiri zimene timanyadira m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, kaya ndi Sienta, Passo kapena Probox, zinayamba zatumikira anthu ena ku Japan. Kumeneko galimoto yatsopano imakayesedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesedwako kumadya ndalama moti ambiri amangoigulitsa. Ikafika pa okushoni, woyendera amaizungulira ali ndi pepala lojambulapo galimotoyo. Pamene yakalika pang'ono amalemba A1, pamene yakalika kwambiri A3, pamene chitsulo chalowa m'kati amaikapo U. Chilembo chilichonse chimatsitsa mtengo, n'chifukwa chake mwini galimoto kumeneko amaisamala ngati dzira.

Ku Germany nkhani yake ndi ya lamulo. Ukakhula galimoto ya mwini poimika yako, n'kuchoka osamudikira kapena kuuza apolisi, wapalamula mlandu wa kukhoti, ndipo kusiya kapepala pagalasi sikukupulumutsa. Koma musaganize kuti azungu onse ndi otero. Ku Paris malo oimika ndi othina, mabampala amagundana, ambiri sacheuka n'komwe.

Ife tili ndi mitima iwiri. Galimoto yomwe ija ya A2, ikatsika padoko la Dar es Salaam, n'kudutsa pa Songwe, msonkho wa MRA n'kulipidwa, imasanduka "yatsopano". Mwini wake wasunga ndalama zaka zambiri, mwinanso ali ndi ngongole kuntchito. Amaitsuka m'mawa uliwonse, ana sadyeramo mandasi, ngakhale mawu a mayi amene amamveka m'galimotomo akulankhula Chijapanizi ukangoliza injini sawachotsa. Ndiye wakabaza aikhule pamsika wa Ndirande! Bambo amatuluka, kunyowetsa chala ndi malovu, kupukuta pokalikapo, kuwerama n'kuyang'ananso cham'mbali. Anthu aunjikana kale, aliyense wasanduka woweruza. "Pepani bwana, tingomvana," akutero mnyamatayo, chipewa chili m'manja. Apolisi saitanidwa kawirikawiri. Amatengana mpaka kwa owongola galimoto, kukanenerera mtengo, wolakwa n'kupereka zimene ali nazo, zotsalazo "ndidzamaliza kumapeto kwa mwezi".

Koma kupsa mtima kumeneku n'kwa chilonda choyamba chokha. Ambiri inshuwalansi yawo ndi yongolipira zimene awonongera ena, choncho penti ya galimoto yawo imachokera m'thumba lomwe muchokere mafuta ndi fizi ya ana. Dzinja limodzi la maenje likadutsa, bampala imamangidwa ndi waya, ndipo mukafunsa yankho ndi lakuti, "Bola ikuyenda." Apa sindiwadzudzula. Wa ku Japan amateteza mtengo wogulitsira, pamene wathuyu galimotoyo adzakalamba nayo, idzanyamula chimanga chochokera kumudzi, odwala ndi anamfedwa. Chitseko chopindika sichilepheretsa zonsezi.

Chimene chimandinyansa n'china. Munthu yemweyo amene anatseka msewu chifukwa cha kamzere ka penti mudzamupeza usiku pa M1 ali ndi nyali imodzi, matayala osalala ogula akale, mabuleki akulira. Ku Japan ndi ku Germany galimoto yotere singakhoze poyesedwa. Abale anga oyendetsa, ndalama mukufuna kupatsa wopopera penti ku Biwi ija, yambani mwagulira matayala.