Liu Limene Linganyenge Munthu

Anthu ambiri amene aphunzira Cingerezi adziwa kuti kaliu kakuti "in", kakaikidwa patsogolo pa liu lina, kamatembenuza tanthauzo lace. "Correct" ndiko kuti colungama, koma "incorrect" ndi colakwa. "Visible" ndi cooneka, "invisible" ndi cosaoneka.

Koma lamulo ili siligwira pa mau onse. Pa migolo ya petulo ndi pa zitseko zina ku migodi pamalembedwa liu lakuti "inflammable". Munthu wotsata lamulo lija angayese kuti cinthuco sicingapse, nayatsa fodya wace pafupi. Kutero ndiko kudziitanira imfa.

Liuli licokera ku liu la Cilatini lakuti "inflammare", ndiko kuti kuyatsa moto, ndipo "in" wa pamenepa sakana kanthu ai. Motero "inflammable" ndi "flammable" tanthauzo lao ndi limodzi: cinthu cosacedwa kuyaka. Cimene siciyaka msanga citchedwa "non-flammable". Mau atatuwa agwira nchito ya kufotokoza mkhalidwe wa cinthu, monga "inflammable gas", mpweya woyaka msanga.

Wodziwa izi auze mnzace wa pa nchito, pakuti moto sufunsa kuti munthu analekeza Sitandade yanji.