Kafukufuku wa Mankhwala Akaimitsidwa Nthawi Isanakwane, Kodi Zitanthauza Ciani?

Mu October 2003, kafukufuku wa mankhwala amene anali kucitika pa ana odwala pa cipatala ca UTH mu Lusaka anaimitsidwa nthawi yake isanakwane. Ambili a ife tikamva kuti kafukufuku waimitsidwa, timafulumila kuganiza kuti mankhwala avulaza anthu ndipo akulu-akulu afuna kubisa. Koma pa UTH anaimitsa cifukwa mankhwalawo anali kupulumutsa ana. Nkhaniyi ndi yofunika kuidziwa, pakuti kafukufuku wotele akali kucitika m'zipatala zathu, ndipo abale ndi alongo amene apemphedwa kutengako mbali kawili-kawili amayamba afunsa abusa kapena akulu a mpingo asanayankhe.

Zimene zinacitika pa UTH

Kafukufukuyu, wochedwa CHAP, anayamba mu 2001. Anatsogoleledwa ndi Pulofesa Chifumbe Chintu, dokotala wa ana pa sukulu ya zaudokotala ya University of Zambia, mogwilizana ndi bungwe la Medical Research Council la ku Britain. Panthawiyo ma ARV anali asanafike kwa anthu ambili, ndipo ana obadwa ndi kalombo ka HIV anali kumwalila ndi cibayo, kutsegula m'mimba ndi matenda ena amene amalowelela thupi likafooka.

Madokotala anafuna kudziwa ngati mankhwala akale ndi ochipa ochedwa co-trimoxazole, amene ambili timawadziwa kuti Septrin, angateteze ana amenewa akamamwa tsiku lililonse. Yankho silinali lodziwikilatu. Mu Lusaka tuzilombo tambili tunali tutazolowela kale mankhwalawa, conco panali cikaiko ceni-ceni ngati angagwile nchito.

Ana 541 a zaka zapakati pa 1 ndi 14 analembedwa ndi kugawidwa m'magulu awili mwa maele. Gulu lina linali kulandila Septrin, lina linali kulandila mankhwala ooneka cimodzi-modzi koma opanda mphamvu, amene madokotala amawacha placebo. Makolo ngakhale madokotala osamalila anawo sanali kudziwa kuti mwana uyu ali m'gulu liti. Amacita zimenezi kuti pasakhale kukondela, kaya popeleka cisamalilo kapena polemba zotulukapo.

Amene amaona zobisika

Ngati madokotala sadziwa amene akumwa mankhwala eni-eni, nanga ndani angazindikile zinthu zikayamba kuipa? Apa ndi pamene pabwela komiti yoima payokha. Imapangidwa ndi madokotala ndi akatswili a ziwelengelo amene sali m'gulu locita kafukufukuyo. Iwo okha ndi amene amaloledwa kuona, pa nthawi zoikika, mmene gulu lililonse likuyendela. Akaona, amalangiza kuti nchito ipitilile, isinthidwe, kapena iimitsidwe.

Komiti ya CHAP itapenda ziwelengelo, inapeza kusiyana kwakukulu. M'gulu la Septrin munamwalila ana 74, kutanthauza 28 pa ana 100 alionse. M'gulu la placebo munamwalila ana 112, kutanthauza 42 pa 100 alionse. Ana a m'gulu la Septrin sanalinso kugonekedwa m'cipatala kawili-kawili monga anzao. Zitafika apa, kupitiliza kukanatanthauza kumana ana ena mankhwala amene tsopano anadziwika kuti amathandiza. Kafukufuku anaimitsidwa, ndipo ana onse anayamba kupatsidwa Septrin.

Zotulukapo zinafalitsidwa m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu November 2004. Posakhalitsa mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza maiko kuti ana okhala ndi kalombo ka HIV azipatsidwa mankhwalawa. Conco zimene zinapezeka mu Lusaka zinathandiza ana a m'maiko ambili amene sanamvepo dzina la UTH.

Tisaiwale mtengo wake. Ana ena a m'gulu la placebo akanakhala ndi moyo akanalandila Septrin kuyambila paciyambi. Koma paciyambipo panalibe amene anali ndi umboni. Nchito ya komiti ndi kuonetsetsa kuti umboni ukangokwanila, anthu asadikile ngakhale mwezi umodzi woonjezela.

Zifukwa zina zoimitsila

Cifukwa caciwili ndi ngozi. Mu January 2007, kafukufuku wa mafuta ochedwa cellulose sulfate, amene anali kuyesedwa kuti ateteze azimai ku HIV ku Benin, India, South Africa ndi Uganda, anaimitsidwa komiti itaona kuti azimai amene anatenga kalombo anali ambili m'gulu la mafutawo kuposa m'gulu lina. Komiti sinayembekezele kuti umboni wa ngozi ukhale wokwanila. Pa nkhani ya ngozi, cikaiko cabe cimakhala cokwanila kuimitsa nchito.

Cifukwa cacitatu ndi kuona kuti mankhwala sakuvulaza, koma sakuthandizanso. Izi zinacitikapo kuno kwathu. Ku Mazabuka kunali mbali ya kafukufuku wa mafuta ochedwa PRO 2000, amene anacitikanso ku South Africa, Tanzania ndi Uganda pa azimai oposa 9,000. Mafutawo anali a mitundu iwili, amphamvu kwambili ndi amphamvu pang'ono. Mu February 2008 komiti inalangiza kuti amphamvu kwambili aleke kupelekedwa cifukwa panalibe ciyembekezo cakuti angathandize. Mtundu winawo unapitilila, ndipo mu December 2009 anapeza kuti nawonso suteteza. Ambili akumbukila mphekesela zimene zinabuka panthawiyo, zakuti azimai anapatsidwa kalombo mwadala. Zoona zake ndi zakuti ena anatenga kalombo panthawi ya kafukufuku, m'gulu la mafuta ndi m'gulu la placebo momwe, pa mlingo wofanana. Mafuta analephela kuwateteza, koma sindiwo anawapatsa matenda. Kumene kulibe wofotokoza bwino, mphekesela ndi imene imafotokoza.

Palinso cifukwa cacinai, ndipo ici ndiye codetsa nkhawa. Nthawi zina kafukufuku amaima cifukwa ndalama zatha kapena wopeleka ndalama wasintha maganizo. Kuciyambi kwa 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lopita kupyolela m'bungwe la USAID, kafukufuku wina m'maiko a mu Africa anaima pakati-kati. Kuimitsa kotele sikucokela pa umboni. Funso limakhala lilibe yankho, ndipo anthu amene anadzipeleka angatsale opanda wowaona.

Ngakhale kuimitsa cifukwa ca zabwino kumafuna kusamala. Ziwelengelo za miyezi yoyamba zingaonetse mankhwala ngati amphamvu kuposa mmene alili. Ndiye cifukwa cake malamulo a nthawi yoimitsila amalembedwa kafukufuku asanayambe, kuti munthu asaimitse pamene zotulukapo zamukomela.

Zofunsa musanasaine

Mu Zambia, kafukufuku wa zaumoyo amayang'anilidwa ndi bungwe la National Health Research Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Asanayambe, afunika kuvomelezedwanso ndi komiti yoona za ufulu ndi citetezo ca otengako mbali, monga imene ili pa University of Zambia.

Ngati inu kapena mwana wanu mwapemphedwa kulowa m'kafukufuku, funsani kuti ndani anavomeleza nchitoyo, ndipo ngati pali komiti yoima payokha yoiyang'anila. Funsani ngati pali gulu la placebo. Funsani cimene cidzacitika kafukufuku akaimitsidwa: ndani adzakuuzani cifukwa cake, ndani adzapitiliza kukuonani, ndipo ngati mankhwala apezeka kuti ndi othandiza, kodi mudzapitiliza kuwalandila? Pemphani kuti pepala la cilolezo likuwelengedweleni m'cinenelo cimene mumamva, ndipo mutengeko kope lanu kunyumba. Muli ndi ufulu wokana, ndiponso woleka panthawi iliyonse, popanda kutaya cithandizo cimene mumalandila pa cipatala.

Ndipo mukamva kuti kafukufuku wina waimitsidwa, musanatumize uthengawo pa WhatsApp, yambani mwafunsa kuti waimitsidwa pa cifukwa citi mwa zinai zimenezi. Uthenga wolakwika ungacititse mai kuleka kupita ndi mwana wake ku kiliniki, kumene Septrin wamuyembekezela.