Njira ya Kudimba Ingakhale Kalasi

Ana ena, monga amene ali ndi autism kapena amene amachedwa kumva zophunzira, amavutika m'kalasi modzaza ana ndi phokoso. Makolo akaganiza zowaphunzitsira pakhomo, nthawi zambiri amasowa poyambira. Poyambira pabwino ndi kutuluka naye mwanayo kukayenda.

Sankhani njira imodzi yaifupi, monga yopita kudimba, ndipo muziyenda nthawi yofanana tsiku lililonse. Mwana amene ali ndi autism amakhazikika mtima akadziwiratu chimene chikubwera, choncho njira yozolowereka imamuchepetsera mantha.

M'njiramo musachulutse mawu. Mpatseni tsamba la mango aligwire, inu munene kuti "tsamba", kenako dikirani. Liwu lobwera limodzi ndi chinthu chogwirika limakhalitsa m'mutu kuposa lolembedwa pa bolodi. Kutola miyala isanu ndi masamu. Kusiyanitsa tsamba louma ndi laliwisi ndi sayansi. Mukafika kunyumba, zotolazo aziike m'katoni kuti mawa mudzayambire pomwepo.

Chenjerani ndi chitedze, utomoni wa nkhadze umene umapweteka maso, komanso zipatso za nthula ngati mwanayo amakonda kuika zinthu m'kamwa. Wodwala khunyu asayandikire yekha mtsinje kapena chitsime.

Kuyenda kotereku sikulowa m'malo mwa katswiri. Aphunzitsi amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu amapezeka m'sukulu zina za pulayimale. Apempheni akuthandizeni kuona mmene mwana akupitira patsogolo. Tsiku limene watopa msanga, bwererani osamukakamiza. Njira ija mudzaipezanso mawa.