Mphaka akachoka ku opaleshoni, bisani Panado

Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, ndipo pakatha masiku pafupifupi 63 amaswa. Pachaka akhoza kuswa katatu. N'chifukwa chake eni ake ena amapita nawo amphaka awo kwa madokotala a ziweto, monga a LSPCA ku Lilongwe kapena BSPCA ku Blantyre, kuti wamwamuna akafulidwe, wamkazi akachotsedwe chiberekero. Dokotala ntchito yake amaimaliza tsiku lomwelo. Chilonda chimakapolera pakhomo, ndipo zambiri zimalakwika kumeneko.

Choopsa kwambiri ndi chifundo cha mwini wake. Akamuona mphaka ali zyolizyoli, amathamangira Panado poganiza kuti amuchepetsere ululu. Chonde musatero! Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya mankhwala a paracetamol, omwe ali mu Panado, monga chimachitira cha munthu. Akamwa mankhwalawa, magazi ake amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope imatupa, ndipo mbulu umodzi wokha ukhoza kumupha. Brufen nayenso ndi woopsa. Dettol, yemwe timamudalira pa mabala athu, ndi poizoni kwa mphaka, makamaka poti chilichonse chopakidwa pathupi pake amachinyambita. Mankhwala oyenera ndi okhawo amene dokotala wakupatsani.

Usiku woyamba mphaka amakhala akudzandira chifukwa cha mankhwala ogonetsa, ndipo thupi lake limazizira msanga. Muikeni m'katoni yoyalamo nsanza zoyera, pansi, m'chipinda chopanda phokoso. Madzi akhale pafupi, chakudya chikhale chochepa.

Kenako pamabwera ntchito yovuta. M'makomo mwathu ambiri mphaka timamuwetera makoswe, ndiye anazolowera kugona kunja, kukwera mpanda ndi denga. Koma wamkazi amakhala atang'ambidwa pamimba, ndipo pamafunika masiku 10 mpaka 14 kuti pagwirane. Akadumpha, ulusi ukhoza kuduka. Alire bwanji pachitseko, musamutsegulire. Uzaninso ana, chifukwa kawirikawiri ndi iwo amagwidwa chisoni. Nyengo ya mvula ntchentche zimaikira mazira pa bala, mphutsi n'kuyamba. Asasambitsidwe, ndipo ngati akunyambita posokedwapo, muvekeni chotchinga cha pulasitiki cha m'khosi, ngakhale amadana nacho.

Wamwamuna amachira msanga poti bala lake ndi laling'ono ndipo nthawi zambiri salisoka. Pomuikira podzithandizira, nyuzipepala zong'ambang'amba zimaposa mchenga, umene umamatirira pa bala. Dziwaninso kuti akhoza kuperekabe bere kwa masabata angapo atafulidwa kale.

Yang'anani chilondacho m'mawa ndi madzulo. Chikatupa kwambiri, chikamatuluka mafinya kapena magazi, chikamanunkha, kapena mphaka akakana chakudya tsiku lathunthu, bwererani naye kwa dokotala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche.