Galimoto ikamagulidwa pa chithunzi

Masiku ano galimoto imagulidwa munthu asanaikhudze. Wofuna Sienta kapena Probox amatsegula tsamba la Be Forward pa foni, n'kuona zithunzi za galimoto imene ili ku Japan, n'kulipira, kenaka n'kumadikira kuti ifike pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Kuno kwathu n'chimodzimodzi. Mlimi wa ku Madisi amene akugulitsa lole yake itatha ntchito yotuta fodya kupita ku Kanengo, kapena wakabaza wa pa Mponela amene akufuna kusintha njinga yamoto, amayamba waponya chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook. Chithunzicho ndicho chimayamba kunenerera malonda, mwini wake asanatsegule pakamwa.

Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera m'mapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi. Pamutu wa kuwala, ana anga amatopa ndi mizere ya pa bolodi, koma ndikawatulutsa panja ndi foni kuti tijambule galimoto ya mphunzitsi mnzathu, ngakhale wa kubenchi yakumbuyo amadzuka. Phunziro loyamba amalipeza okha: galimoto ndi kalilole. Chimene ukujambula si chitsulo chokha ayi, koma thambo, mitengo, chimbudzi cha pasukulu, ndi iwe mwini ndi foni yako, zonse zikuoneka pa chitseko. Wojambula wodziwa amayamba wayang'ana zimene zili kumbuyo kwake asanayang'ane galimoto.

Dzuwa la masana ndi mdani. Limathwanima pa boneti ndi pa galasi lakutsogolo, pamene matayala ndi kunsi kumada bii. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likangotuluka kapena chakumadzulo litapendeka, ndipo likhale kumbuyo kwako kapena cham'mbali. Ife a kumapiri kuno tili ndi mwayi umene a ku Salima alibe. M'miyezi ya June ndi July, nkhungu ikakuta phiri la Ntchisi ndipo thambo lili mbuu, kuwala kumafika mofewa mbali zonse, mtundu weniweni wa penti n'kuoneka bwino. Tsiku limene aliyense akudandaula kuzizira ndilo tsiku lojambula. Mu October ndi zina: fumbi la m'misewu yathu limamata galimoto ukangomaliza kutsuka, ndiye jambula pomwepo potsukirapo. Kagalasi ka kamera nako kapukute ndi nsalu yofewa, poti foni imakhala m'thumba limodzi ndi mtedza.

Ambiri amaima pafupi kwambiri, foni ili pamaso. Zotsatira zake mutu wa galimoto umatupa ngati wa mlamba, kumbuyo n'kuchepa. Kamera ya foni imaona motambalala, choncho chimene chili pafupi imachikulitsa. Bwerera m'mbuyo masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi, njuta mpaka foni ifanane ndi nyali zakutsogolo, ndipo ima pakona kuti kutsogolo ndi mbali imodzi zionekere pamodzi. Mtengo wa magetsi usamere pa denga la galimoto. Kumtunda kuno malo athyathyathya ndi osowa, ndiye yang'anitsitsa kuti foni yaongoka, kuopa kuti lole ingaoneke ngati ikugubuduzikira ku dambo.

Galimoto yoyenda ndiyo imasangalatsa ana, chifukwa masamu amalowapo. Minibasi yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Kamera ikatsegula diso lake kwa 1/60 ya sekondi, minibasiyo yasuntha kale masentimita 28, n'chifukwa chake chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino. Pa 1/1000 yasuntha masentimita osakwana awiri, ndipo imaoneka ngati yaima. Mafoni ambiri ali ndi gawo lolembedwa Pro pamene munthu amasintha nambala zimenezi. Akatswiri amachita dala kusankha 1/60, n'kumaitsata galimoto ndi foni pamene ikudutsa, kuti iyo ioneke bwino koma mitengo yakumbuyo ikhale mizeremizere. Zimafuna kuyesa kambirimbiri. Koma ana anga ndimawaletsa kukayesera zimenezi mumsewu wa M1. Amayesera pa njinga yakapalasa pabwalo la mpira, mwinanso pa ngolo, imene sithamangira munthu.

Pali funso limene mwana wina wa Fomu 3 anandifunsa: ngati chitseko china chinagundidwa, bwanji osangojambula mbali yabwinoyo? Apa ndi pamene ndimaumirira. Wogula uja mwina ndi mlimi amene wasunga ndalama za soya za zaka zitatu, ndipo akwera kuchokera ku Malomo kudzaona galimoto chifukwa cha chithunzi chako. Akapeza dzimbiri limene unalibisa, wataya ndalama yoyendera, ndipo iwe sadzakukhulupiriranso. A ku Japan aja amajambula zithunzi zambirimbiri pa galimoto imodzi: mipando, injini, matayala, makilomita amene yayenda, ngakhale pamene penti inakalika. Sachita zimenezi chifukwa cha chifundo, adziwa kuti munthu wakutali amatulutsa ndalama akaona zonse. Luso ndi kuonetsa galimoto bwino, ndipo pogundidwa paja pajambulidwenso bwino lomwe.

Zina ndi zaulemu chabe. Pempha mwini wake usanajambule. Nambala ya galimoto, kaya ndi DA kaya NS, ibise ngati chithunzi chikupita pagulu, chifukwa akuba pa intaneti amatenga zithunzi za eni n'kumagulitsa galimoto imene si yawo. Magalimoto a asilikali ndi a pa rodibuloko asiye. Ndipo pangozi, foni iyambe yaitana thandizo. Chithunzi chimene apolisi ndi a inshuwalansi angafune ndi cha mmene magalimoto aimira ndi mizere ya matayala pa tala, osati nkhope za ovulala.

Potumiza, WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti isadye bandulo yambiri. Ngati wogula akufuna kuona bwino matayala, sankha HD kapena tumiza ngati Document, ngakhale kuno kwathu zikutanthauza kukwera kaye pachulu kukasaka netiweki.